Kukhitchini Kwathu: Kokonati ndi ufa zikatsala ndi mkute, tisataye

 Mwezi uno tikupemphani kuti musanapitirire kuwerenga, mudzuke kaye mukatsekule kabati ya kukhitchini. Musuzumire kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mabotolo a mafuta ndi zitini za tomato. Tikukhulupirira kuti ambiri mupezako kapaketi kotsekula kale ka kokonati wouma wopala uja, komangidwa ndi kamphira kukamwa. Pambali pake pali ufa wa tirigu wotsala theka, mwinanso ndi kamgaiwa kamene mbale wina anatitengera pochokera kumudzi.

Zinthu zimenezi zimatsala chifukwa timazigulira tsiku limodzi. Kokonati timamugula pofuna kuphika keke ya tsiku lobadwa la mwana, ya Khirisimasi, ya Idi kapena ya chikondwerero cha ufulu wathu pa 6 July. Kekeyo imangofuna theka la kapu, winayo n'kutsala. Ufa nawo ambiri timagula wochuluka nyengo ya Ramadan, pamene masitolo ngati Al Meera, Lulu ndi Carrefour amatsitsa mitengo, mtima n'kumati ukasiya lero mawa ukwera. Phwando likatha, zotsalazo timazikankhira kumbuyo poganiza kuti zidzagwira ntchito paphwando lina. Tsiku limenelo likamafika, kokonati wasanduka wachikasu, muufa muli tizilombo, ndipo zonse zimakathera m'bini.

Kwathu chakudya chotsala chili ndi dzina, timati mkute. Nsima yogona sitaya ayi. M'mawa timaitenthetsa kapena kuiwotcha pamakala, ana n'kudya asananyamuke kupita kusukulu. Ndipo mkute sudikira phwando kapena mlendo, umadyedwa mawa lake lomwelo. Uthenga wathu mwezi uno ndi umenewu: paketi ya kokonati kapena ya ufa ikangotsekulidwa m'dziko lotentha ngati lino, tiziyiona ngati mkute. Ilowe m'ndiwo ndi m'kadzutsa wa masiku onse mpaka ithe, isadikire keke ina.

Theka la paketi ndi ndalama

Wina anena kuti, "Aaa, kaufa ka ndalama zochepa ngati kameneka n'kodandaula nako?" Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuyambira mu March 2021, lamulo la dziko lino limati wantchito asalandire malipiro ochepera ma riyal 1,000 pamwezi, ndipo ngati abwana sakumupatsa pogona ndi chakudya, awonjezerepo ma riyal 500 a nyumba ndi 300 a chakudya. Ma riyal 300 pamwezi ndi ma riyal 10 patsiku. Alipo anzathu, alonda, oyeretsa m'maofesi ndi operekera zakudya, amene ndalama yawo ya chakudya ndi imeneyo, ndipo pa yomweyo amayesetsa kupatulapo kangachepe kotumiza kumudzi. Kwa munthu wotere, theka la kilogalamu ya ufa ndi kadzutsa wa masiku angapo.

Kumudziko timadziwa tonse mmene zinthu zakhala zikuyendera. Mu November 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mu March 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko la Malawi ali pangozi kaamba ka ng'amba ya El Niño. Riyal imene tapulumutsa kuno ikafika kwa amayi kumudzi ndi mchere, sopo kapena ndalama ya kuchigayo. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Vutoli si la ife tokha. Lipoti la UNEP, nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe, lotuluka mu 2024, linati m'chaka cha 2022 anthu padziko lonse anataya chakudya chokwana matani 1.05 biliyoni, ndipo magawo 60 pa 100 alionse anatayidwa m'makomo. Munthu mmodzi amataya makilogalamu 79 pachaka. Tikayerekeza ndi chimanga, limenelo ndi thumba limodzi la makilogalamu 50 ndi theka la linzake, n'kupitirirapo.

Tikumbukirenso kuti kuno kulibe minda ya tirigu kapena ya kokonati yoti n'kudyetsa anthu onsewa. Tirigu amabwera pasitima zapamadzi n'kudzagayidwa kuno, pamene kokonati wouma amachokera kumayiko ngati Philippines, Sri Lanka, Indonesia ndi India. Amene analipo mu June 2017, pamene mayiko oyandikana nafe anatseka malire, akukumbukira mmene anthu anathamangira m'masitolo kukagula chakudya chosunga. Malirewo anatsekulidwanso mu January 2021, koma phunziro linatsala lakuti chilichonse chili m'kabati mwathu chayenda ulendo wautali.

N'chifukwa chiyani zimaonongeka msanga kuno?

Kokonati wouma ndi mnofu woyera wa mkati mwa chipatso umene amaupala n'kuuumitsa mpaka madzi otsalamo ndi pafupifupi 3 peresenti yokha. Poti ndi wouma, ambiri timamuyesa ngati mchere kapena shuga, zinthu zosaonongeka. Koma pa magalamu 100 alionse a kokonati wabwino, oposa 60 ndi mafuta. Mafuta akakumana ndi mpweya, kutentha ndi chinyezi amayamba kuonongeka, ndipo kokonatiyo amamveka ngati sopo m'kamwa.

Zonse zitatuzi kuno n'zosasowa. Pakati pa June ndi August kutentha kumatha kupitirira madigiri 45, ndipo mu July 2010 kunafika madigiri 50.4 mu Doha momwe muno. Mu August ndi September kumabwera chinyezi chija chochititsa nthunzi pamagalasi munthu akangotuluka panja. Ambirife tikukhala m'nyumba zogawana, kumene khitchini ilibe AC, ndipo kabati imakhala pafupi ndi chitofu. Tikapita kutchuthi kumudzi timazimitsa AC nyumba yonse, n'kusiya ufa ndi kokonati zikuphikika m'kabati kwa mwezi wathunthu kapena iwiri.

Ufa nawo uli m'magulu. Ufa woyera wa tirigu, umene anzathu a ku India amati maida, umakhalitsa chifukwa pogaya amachotsamo gaga ndi kamtima ka njere kamene kamakhala ndi mafuta. Ufa wa chapati wotchedwa atta ndi mgaiwa wathu zili ndi kamtima kameneka, ndiye sizichedwa kuwawa. Amayi akumudzi amazidziwa izi kuchokera kale: mgaiwa sagayitsa wambiri nthawi imodzi monga amachitira ndi ufa woyera wokonola.

Nanga tizilombo timachokera kuti, chikhalirecho nyumba timasesa tsiku ndi tsiku? Nthawi zambiri mazira ake amabwera ali kale m'paketi, osaoneka ndi maso. Kukatentha amaswa, ndipo pakangotha mwezi umodzi kapena kupitirirapo pang'ono, tizilomboto takula n'kuyamba kuikira mazira ena. Si uve ayi, ndi nankafumbwe yemwe uja wa m'nkhokwe ndi abale ake, angosintha dziko ngati ife.

Kasungidwe kabwino

Mukangotsekula paketi, khuthulirani zonse m'botolo kapena m'kontena youma bwino, yotseka mothina. Mabotolo a jamu ndi a khofi amene timataya aja ndi abwino zedi pa ntchito imeneyi. Matani kapepala n'kulembapo tsiku limene mwatsekula. Mapaketi a kuno amalembedwa tsiku lopangira ndi tsiku lothera ntchito, koma tsiku lothera ntchitolo limanena za paketi yosatsekula, yosungidwa pamalo ozizira bwino.

Malo a kokonati wotsekula ndi m'firiji, mmene amatha miyezi ingapo, kapena m'firiza, mmene amatha miyezi 6 ngakhale kuposerapo. Poti alibe madzi ambiri, saundana ngati mwala, mumangotapa ndi supuni youma n'kubwezera botolo msanga. Atta ndi mgaiwa nazonso zimakonda m'firiji ngati malo alipo. Ufa uliwonse watsopano, muuike kaye m'firiza kwa masiku 7 kuti mazira a tizilombo afe, kenako muusunge m'kontena kutali ndi chitofu.

Mukatulutsa kontena ya ufa m'firiza kuti ibwerere m'kabati, musaitsekule nthawi yomweyo. Dikirani mpaka isiye kuzizira, apo ayi chinyezi cha mumpweya chimatera paufa wozizirawo ngati mame, ndipo chuku chimayambira pomwepo. Musathire ufa watsopano pamwamba pa wakale. Wakale uthe kaye, kontena itsukidwe ndi kuuma. Amene mukugawana firiji ndi mabanja ena, lembani dzina lanu pabotolo kuti pasakhale kukayikirana.

Pomaliza, kukatsala milungu iwiri kuti munyamuke ulendo wa kutchuthi, lekani kugula ufa. Phikani umene ulipo, ndipo wotsala mupatse mnzanu amene akutsala.

Kodi zikadali zabwino?

Musanaphike, yesani ndi maso, mphuno ndi lilime. Kokonati wabwino amakhala woyera, wosagwirana, wafungo lokoma. Ngati wasanduka wachikasu, wagwirana mibulu, akununkha ngati mafuta akale kapena penti, kapena akukanda kukhosi mukalawa kachidutswa, ameneyo wapita. Ngakhale mumuthire shuga wochuluka bwanji, fungolo silibisika, mungoonongerapo mazira ndi mafuta anu.

Ufa muuyese ndi mphuno ndi sefa, osaulawa wosaphika chifukwa ufa wauwisi umatha kukhala ndi majeremusi otsekula m'mimba. Ana asanyambite m'mbale yokandira pa chifukwa chomwechi. Mukapeza tizilombo tiwiri titatu koma fungo lili bwino, sefani, ikani m'firiza, ndipo muugwiritse ntchito sabata yomweyo. Koma ngati muli ulusi ngati wa kangaude, ngati ukununkha chinyezi, kapena mukuona madontho obiriwira kapena akuda, tayani wonse osazengereza. Poizoni wa chuku satha ndi moto, ndipo amaononga chiwindi. Kusamala chakudya sikutanthauza kudyetsa ana zoola.

Yesaninso bekingi paudala amene wakhalitsa. Thirani theka la kasupuni m'madzi otentha. Akachita thovu msanga ndiye kuti akadali ndi mphamvu. Soda muyese ndi madontho a ndimu kapena viniga. Ufa wofufuma wokha, uja amati self-raising, umatha mphamvu pakapita nthawi. Ukadali wabwino kudya, koma muwonjezere bekingi paudala.

Kufinya mkaka wa kokonati

Njira yothetsera kokonati msanga ndi kumusandutsa mkaka. Tengani kapu imodzi ya kokonati, thirani kapu imodzi ndi theka ya madzi otentha koma osabwata, vindikirani kwa mphindi 30. Ngati muli ndi blenda, pukusani kwa mphindi ziwiri. Ngati mulibe, fikisani ndi manja oyera madzi akazizirako. Kenako khuthulirani pakansalu koyera n'kufinya mwamphamvu. Umenewu ndi mkaka woyamba, wokhuthala. Bwezerani zotsalazo m'mbale, thiraninso kapu imodzi ya madzi otentha n'kufinyanso. Umenewu ndi mkaka wachiwiri, wamadzimadzi.

Dziwani kuti kokonati wina amagulitsidwa atafinyidwa kale mkaka kufakitale, ndipo papaketi amalemba kuti ndi wamafuta ochepa. Ameneyo satulutsa mkaka wokhuthala, koma amachita bwino m'mandasi ndi m'roti. Onaninso ngati ndi wothira shuga, chifukwa wotsekemerayo sayenera ndiwo. Mkaka wofinya pakhomo umasasa msanga, choncho uikeni m'firiji ndipo uthe pasanathe masiku awiri. Zotsala pakansalu zija musataye. Ziumitseni pachiwaya pamoto wochepa, muzidzawaza paphala.

Kutendera ndi kokonati

Ife Amalawi kutendera timakudziwa. Nkhwani, bonongwe, chisoso kapena chigwada zikalowa nsinjiro, ngakhale popanda nyama nsima imatha. Kokonati amagwira ntchito yomweyo ya nsinjiro: amakhuthalitsa ndiwo, amaipatsa mafuta ndi kukoma. Abale athu a ku Mozambique, kuphatikizapo a chigawo cha Zambezia chimene chachita malire ndi Mulanje, kumene kufupi ndi Quelimane kuli minda yambiri ya kokonati, amaphika matapa. Chimenechi ndi chigwada chathu chomwe chija, chosinja, chotendera nsinjiro ndi mkaka wa kokonati pamodzi. Mukapeza chigwada chowumitsa m'firiza m'timasitolo ta zakudya za ku Africa, chibwatitseni kaye mokwanira m'madzi mpaka chipse bwinobwino, chifukwa chigwada chosapsa chimaledzeretsa. Chikapsa ndi pamene muthire anyezi, nsinjiro ndi mkaka.

Masamba ena akwathu aliponso kuno, angosintha mayina. Bonongwe anzathu a ku Kerala amati cheera, ndipo amapezeka m'masitolo awo a ndiwo zamasamba. Denje ndi amene Aluya amati molokhia. Pophika bonongwe kapena sipinachi, yambani ndi anyezi ndi tomato, ikani masamba, thirani mkaka wachiwiri pang'ono, ndipo akatsala pang'ono kupsa thirani mkaka woyamba. Mkaka wokhuthala suyenera kubwata kwambiri, umadukaduka n'kusanduka mafuta. Moto ukhale wochepa, mphindi 5 zakwana.

Nyemba nazo zimagwirizana kwambiri ndi kokonati. Anthu a kugombe la Tanzania ndi Kenya amati maharagwe ya nazi. Phikani nyemba mpaka zifewe monga mwa nthawi zonse, kazingani anyezi, adyo ndi tomato, phatikizani, kenako tsirizani ndi mkaka woyamba. Mkaka wachiwiri muphikire mpunga m'malo mwa madzi. Mpunga wotere ana amadya ngakhale ndi nyemba zokha osafunsa za nkhuku.

Ngati mulibe nthawi yofinya, tengerani nzeru kwa anzathu a ku Kerala omwe aja, amene amaphika ndiwo yotchedwa thoran. Dulani theka la kabichi mopyapyala kwambiri. Nyowetsani theka la kapu ya kokonati ndi masupuni anayi a madzi ofunda kwa mphindi 10. Kazingani anyezi ndi tsabola, ikani kabichi, mchere, kaufa kachikasu ka turmeric ndi kokonati uja, vindikirani kwa mphindi 7 pamoto wochepa osathira madzi. Eni ake amadyera mpunga ndipo amaikonda youma. Ife odyera nsima tingathe kuwonjezera tomato mmodzi kuti pakhale kamsuzi kosunsa.

Roti wa kokonati: wopanda uvuni, wopanda yisiti

Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kuno alendo ndife tonse, ndipo aliyense ali ndi kake. Anzathu a ku Sri Lanka ali ndi chakudya cham'mawa chotchedwa pol roti chimene chimathetsa ufa ndi kokonati nthawi imodzi. Ophunzira ndi anyamata okhala m'zipinda zopanda uvuni, ichi n'chanu.

Zofunika: makapu awiri a ufa wa tirigu, kaya woyera, atta kapena wosakaniza, kapu imodzi ya kokonati, kasupuni kamodzi ka mchere, anyezi wamng'ono wodula bwino, tsabola ngati mumakonda, supuni imodzi ya mafuta, madzi ofunda pafupifupi kapu imodzi.

Kaphikidwe: nyowetsani kokonati ndi theka la madziwo kwa mphindi 10. Sakanizani ndi ufa, mchere, anyezi, tsabola ndi mafuta. Thirani madzi otsalawo pang'onopang'ono uku mukukanda mpaka mtanda usiye kumata m'manja. Uvindikireni kwa mphindi 20. Gawani timibulu 8, phwathalitsani kalikonse ndi chikhatho kapena ndi botolo, kakhale kochindikala kuposa chapati. Wotchani pachiwaya chouma pamoto wapakati, mphindi zitatu kapena zinayi mbali iliyonse, mpaka pachite madontho ofiirira. Mudyere tiyi, nyemba, dzira kapena ndiwo za dzulo. Roti ameneyu amakhutitsa, awiri okha munthu afika nawo masana.

Mandasi, zitumbuwa ndi chigumu

Zakudya zathu zomwera tiyi nazonso zimalandira kokonati popanda vuto. Malamulo ake ndi awiri. Loyamba, kokonati wouma amamwa madzi, choncho mumunyowetse kaye kapena muwonjezere mkaka, apo ayi mandasi atuluka ouma gwaa. Lachiwiri, kokonati amapserera msanga, ndiye mafuta asatenthe mopitirira.

Mandasi: makapu atatu a ufa woyera, theka la kapu ya kokonati, theka la kapu ya shuga, timasupuni titatu ta bekingi paudala, kamchere pang'ono, dzira limodzi ndi mkaka wa kokonati kapena wa ng'ombe kapu imodzi ndi pang'ono. Amene mumakonda fungo la khofi wa Aluya, sinjani njere zingapo za cardamom, amene kuno amati hail, n'kuthiramo. Umu ndi mmene anthu a ku Mombasa amakometsera mandasi awo otchedwa mahamri. Kandani, dikirani mphindi 20, dulani n'kukazinga pamoto wapakati.

Zitumbuwa: nthochi zitatu zakupsa kwambiri, zija zayamba kuda zimene ana akuzikana, kapu imodzi ya mgaiwa, masupuni anayi a kokonati, theka la kasupuni ka soda ndi kamchere. Nyenyani nthochi, sakanizani zonse, umbani n'kukazinga. Apa mwapulumutsa zinthu zitatu nthawi imodzi. Ngati mgaiwa watha, ufa wa chimanga wochokera ku Kenya, Uganda kapena South Africa ulowa m'malo, ngakhalenso semolina, uja amalemba kuti rava kapena suji.

Chigumu: kapu imodzi ndi theka ya mgaiwa, theka la kapu ya ufa wa tirigu, theka la kapu ya kokonati, nthochi zitatu zonyenya, masupuni atatu a shuga, masupuni atatu a mafuta, kasupuni kamodzi ka soda, kamchere ndi kapu imodzi ya laban. Laban ndi chambiko chathu chomwe chija, ndipo kusasa kwake n'kumene kumadzutsa soda kuti chigumu chifufume. Phikani mu uvuni pa madigiri 180 kwa mphindi 35 mpaka 40. Opanda uvuni, pakani mafuta mpoto wochindikala, vindikirani bwino, ikani pamoto wochepetsetsa, ndipo pansi pakapsa muchitembenuze. Mukadya basbousa kwa anzanu Achiarabu mudzaona kuti ndi msuweni wa chigumu, wopangidwa ndi semolina, nthawi zambiri ndi kokonati, n'kuthiridwa madzi a shuga pamwamba.

Kaufa kotsala pansi pa kontena, kosakwana n'komwe kapu, kalinso ndi ntchito. Supuni imodzi yosungunula m'madzi ozizira imakhuthalitsa msuzi wa nyama. Masupuni angapo ndi madzi, mchere ndi tsabola, mwapeza phala loviikamo mbatata ya kachewere ya zigege. Nsomba kapena nkhuku muigubuduze muufa, kenako m'dzira, kenako m'kokonati, n'kukazinga pamoto wapakati. Ndipo phala la m'mawa la mgaiwa likalandira masupuni awiri a kokonati wokazinga pang'ono, silifunanso majarini.

Tisapitirire muyeso

Kokonati ndi chakudya champhamvu. Magalamu 100 ali ndi makalori oposa 600, ndipo mafuta ake ambiri ndi a mtundu umene madokotala amati tizidya mochepa pofuna kuteteza mtima. Pamene tikuti athe msanga, sitikunena kuti banja lidye mandasi m'mawa, masana ndi madzulo. N'chifukwa chake tayamba ndi ndiwo, pamene kapu imodzi imagawika pakati pa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndiponso roti wowotcha pachiwaya chouma. Amene muli ndi matenda a shuga, a mtima kapena kuthamanga kwa magazi, tsatirani malangizo a dokotala wanu. Pa tsiku limene mwatendera ndi kokonati, chepetsani mafuta ophikira.

Makolo, musanaike zitumbuwa kapena mandasi a kokonati m'kabokosi ka mwana ka kusukulu, funsani kaye aphunzitsi. Masukulu ena kuno amaletsa mtedza ndi zina zofanana nawo chifukwa cha ana amene matupi awo amadana nazo. Tikumbutsanenso kuti kugulitsa zakudya m'dziko lino kumafuna chiphaso. Mandasi athuwa ndi odya pakhomo ndi kugawana ndi anansi.

Chotsala kwa iwe n'chosowa kwa mnzako

Dziko lino lili ndi bungwe lotchedwa Hifz Al Naema limene limatolera chakudya chotsala m'maphwando ndi m'malo ena n'kukagawira osowa. Theka la paketi yathu n'lochepa kuti galimoto yawo ibwere, koma si lochepa kwa mnyamata wa chipinda chinacho amene wangofika kumene ndipo akudikira malipiro oyamba, kapena kwa wophunzira amene ndalama ya mwezi yamuthera pa 20. Nthawi zambiri nyumba imodzi ili ndi kokonati wopanda ufa, inayo ufa wopanda kokonati, yachitatu nthochi zakupsa, ndipo zonse zikuonongeka pamene makomo ake ayang'anizana. Lachisanu m'mawa, poti ambiri sitipita kuntchito, zitatuzi zikakumana m'khitchini imodzi patuluka chigumu chokwanira mabanja onse atatu.

Ana nawonso tiwaitanire kukhitchini. Kuno ku Al Thumama kuli paki ya Kahramaa kumene ana asukulu amapita kukaphunzira kusamala madzi ndi magetsi. Phunziro losamala chakudya ndi lathu makolo. Ana ambiri obadwira kuno sanaonepo nkhokwe, sadziwa kuti mwezi wa February kumudzi umatanthauzanji, ndipo ena liwu lakuti mkute sanalimvepo. Mwana amene wafinya yekha mkaka pakansalu ndi kuumba zitumbuwa ndi nthochi zimene zikanatayidwa, waphunzira kuphika, waphunzira Chichewa cha kukhitchini, ndipo akadzapita kwa agogo sadzasiya nsima m'mbale mwachibwana.

Tikupempha kuti pamsonkhano wathu wotsatira, banja lililonse libwere ndi mbale imodzi yophikidwa ndi zotsala za m'kabati, osagula chatsopano kupatula mchere ndi mafuta. Amene muli ndi ufa kapena kokonati wabwino amene mukuona kuti simumutha, bwerani nayenso ali m'botolo lolembedwa tsiku, tidzagawire ophunzira. Amayi ochokera kunyanja, ku Karonga, Nkhotakota ndi Mangochi, ndi inu amene munakhalapo ku Mozambique kapena ku Tanzania, tikudziwa kuti muli ndi maphikidwe ena a kokonati amene sitinawatchule pano. Alembeni papepala n'kupereka kwa akomiti, tidzawasindikiza patsamba lino. Mwezi wamawa tidzakambirana za buledi wogona ndi mpunga wotsala. Phikani bwino, tsalani bwino.